Sikani pa Mutu wa Apongozi Anga

1

Dzina langa ndine Benedicta, koma m'nyumba yanga yomwe, ku Masongola kuno, ndakhala ndikuitanidwa kuti Farida. Choseketsa n'chakuti ndinkavomera.

Wondiitana choncho anali apongozi anga, aNangondo, mayi awo a amuna anga a Stafford. Tinawatenga kumudzi ku Jali mutu utayamba kuwasokonekera. Anayamba ndi kuiwala poto pamoto, kenako njira ya kudimba, mpaka tsiku lina anapezeka m'mamawa atakhala pakhonde la eni ake, chitenje chili m'manja. Mukudziwa mmene kumudzi amamasulirira zoterezi: nkhalamba ikapezeka pakhomo pa wina kukucha ndiye kuti yagwa m'ndege ya ufiti. Anyamata anayamba kutola miyala. Ndine ndinauza amuna anga kuti akawatenge mayi awo anthu asanawaphe.

Kuchipatala anatiuza kuti ndi matenda a ubongo amene amagwira anthu ena akakalamba, ndipo kuti mankhwala ochiritsiratu kulibe. Ntchito yonse inagwera ine. Ndinkawasambitsa ndisanapite kukaphunzitsa, ndinkawaphwanyira nthochi, ndinkawasaka akathawira kumsewu. Ana awo aakazi ankaimba foni Lamlungu kufunsa ngati Amayi adya, n'kudula mitima ili mbee. Mwana wawo wamwamuna, a Staffordwo, ankagona kuphiri la Zomba, kumene amati akuyang'anira anyamata ocheka matabwa a paini. Wochapa zofunda zonyowa ndinali ine, mwana wa eni ake.

Sindinkafuna kuyamikiridwa. Ndinkangofuna kuti tsiku limodzi, limodzi lokha, munthu amene ndimamupukutayu andiyang'ane n'kunditchula dzina langa. M'malo mwake m'mawa uliwonse ankandigwira dzanja n'kunong'ona.

"Farida, mchombo wagwa?"

2

Funso limenelo linkandibaya, chifukwa ine sindinaberekepo. M'banja ndinakhalamo nthawi yokwanira kulera mwana mpaka kusekondale, koma pamsana panga sipanagonepo khanda. Anzanga amaitanidwa kuti amake a uje. Ine ndinali Benedicta basi, ndipo tsopano ngakhale limenelo linali litalandidwa.

Ndinafunsa amuna anga kuti Farida ndi ndani. Anayankha mosachedwa, ngati munthu amene analoweza yankho mayeso asanafike. Anati mayi awo ali mtsikana anagwirapo ntchito kunyumba kwa amwenye ena a sitolo m'tauni muno, ndipo Farida anali mwana wa pakhomopo amene anamuthandiza atachira. Anati zakale ndi zimene zimatsalira m'mutu wa wodwala matendawa, ngakhale adokotala ananena zomwezo. Ndinakhulupirira. Mphunzitsi wathunthu, wodziwa kugwira mwana wobera mayeso pongomuyang'ana makutu, ndinameza bodza lonse osalitafuna.

Apongozi anali ndi ntchito yawo. Ankasolola ulusi ku zitenje zanga n'kupota timikuzi ting'onoting'ono, tokwanira m'chiuno mwa khanda. Ndinkatipeza pansi pa pilo, m'mphika, ngakhale m'nsapato. A Stafford akatsika kuphiri, atanditengera kambale ka masitiroberi monga mwa chizolowezi chawo, mayi awo ankaima pakhomo la kuchipinda kwathu manja atatambasula.

"Iwe, osalowa umu. Mwana sanatengedwe. Ukufuna umutsemphe?"

Ine ndinkaseka. Ndinkati taonani Amayi akukumbukira miyambo, kuti bambo wa khanda sayenera kuyendayenda mwana asanatengedwe, kuopa tsempho. A Stafford nawo ankaseka, koma kuseka kwake kunali kwa mano okha.

Zinafika poipa tsiku limene amayi a Mvano anabwera kudzapemphera ndi wodwala. Nthawi imeneyo dzina la amuna anga linali litayamba kumveka pa anthu oyenera kusankhidwa kukhala akulu a mpingo, ndipo iwo anali atagula kale jekete lakuda. Nyimbo itatha, apongozi anatembenukira kwa amayi otsogolera n'kuwafunsa ngati anamuona mdzukulu wawo, kamnyamata kofanana ndi Stafford makutu. Amayiwo anayang'ana mimba yanga, n'kuyang'anizana, n'kuyambitsa nyimbo ina mofulumira. A Stafford anali pakhomo. Ndinaona nkhope yawo ikuuma ngati chikopa cha pa dzuwa, ndipo ndinaganiza kuti ndi chisoni cha mwana pa mayi wake.

3

Sabata yomweyo amuna anga anasanduka katswiri wa ubongo. Munthu amene sanagwirepo beseni la mayi ake anayamba kukhala pa foni mpaka kuiwala tiyi. Anandionetsa kanema wa azungu ovala zoyera atamuveka nkhalamba chisoti chachikulu. Anati kunja madokotala akuyesa kuchiza matenda oiwalawa ndi mafunde a mawu, mawu osamveka ndi khutu, amene amalowa m'mutu n'kugwedeza zimene zatseka ubongo. Ndipo mafunde amenewo, anatero a Stafford akumenya tebulo ndi chala, ndi omwewo a sikani, yomwe amajambulira amayi oyembekezera.

Ndinawafunsa ngati chisoti cha azunguwo ndi sikani ya kuno n'zofananadi. Anandiyankha kuti nkhwangwa ndi nkhwangwa, kaya yadula paini kaya yadula bulugamu, ndipo kuti vuto la aphunzitsi ndi kufunsa mafunso ngakhale pamaliro.

Sikaniyo inali pafupi. Mnzawo wa kuubwana, a Prosper, ali ndi kachipatala kawo ku Chinamwali. Ndinkakadziwa bwino kachipatalako. Ndinagonapo kangapo pa bedi lawo lopapatiza, mimba ili pamtunda, iwo akusaka chimene chinkandiletsa kutenga pakati. Nthawi zonse ankapukuta manja n'kundiuza kuti zonse zili m'malo mwake, ndidikire nthawi ya Mulungu.

A Prosper sanatsutse. Anati iwonso anaziwerengapo, ndipo kuti Zomba akhoza kukhala malo oyamba m'dziko muno. Maso awo anali kale pa chikwangwani chatsopano. Koma a Stafford anaumirira chinthu chimodzi: kuti chithandizocho chizichitikira kunyumba, Amayi asapite ku Chinamwali. Anati fumbi la kumeneko ndi phokoso la akabaza zingawasokoneze. Ndinati ha, mwamuna uyu wayamba kuwaganizira mayi ake.

Lamlungu lotsatira anaimirira m'tchalitchi kupempha mapemphero, n'kulengeza kuti Mulungu wawaonetsa njira yochizira mayi awo ndi makina amakono. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinaomba nawo kwambiri kuposa onse.

4

A Prosper ankabwera ndi kamakina konyamula m'manja, kooneka ngati sutikesi ya mwana wa sukulu yogonera. Ine ndinawameta apongozi mpala. Popeza sankalola munthu wina kuwakhudza, ndine ndinkawagwira mutu, kuwanyengerera ngati mwana wobaya jakisoni, a Prosper akuwapaka mafuta ozizira oterera aja n'kumayendetsa kachitsulo kawo kuyambira pamphumi mpaka kunkhongo. Pa kanema sipankaoneka kanthu koma chifunga, ngati phiri la Zomba mu Juni. Iwo ankagwedeza mutu mwaukatswiri n'kunena kuti mafunde akulowa bwino.

Akamaliza, a Stafford ankagwada pamaso pa mayi awo n'kuwafunsa mayeso. Lero ndi lachingati? Uyu ndi ndani? Akandiloza, ndinkadikira yankho ngati ndine ndikulemba mayesowo. Apongozi ankandiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kumwetulira.

"Ndi Farida. Wanenepa. Akuyamwitsa bwino."

A Stafford ankaimirira n'kuuza mnzawo kuti awonjezere mphamvu. A Prosper ankatembenuza kabatani, kamene ndikukhulupirira kuti kankangowalitsa kanema.

Amayi a Mvano sankaphonya. Ankabwera ati kudzapemphera, koma chimene ankafuna n'kuona nkhalamba yometa mpala ikujambulidwa ngati ili ndi pakati m'mutu. Wina anati akuona kusintha, maso awo ayera. Wina anafunsa ngati makinawo angathandizenso mwamuna woiwala njira ya kunyumba kwake, ndipo onse anaseka. Ine ndinaseka nawo, osadziwa kuti ndikudziseka ndekha.

Loweruka lina magetsi anazima kuyambira m'mawa, ndipo batire la kamakina kaja linali litafa. A Prosper anaimba foni kuti sabwera. Ndinalanda foniyo n'kuwafunsa ngati kuchipatala kwawo kulibe jenereta. Anazengereza, kenako anavomera kuti ilipo, ndipo kuti makina akuluakulu ali komweko. A Stafford anayamba zifukwa: mafuta a galimoto, fumbi, msana. Koma pabalaza panali amayi a Mvano ndi mayunifolomu awo oyera, ndipo otsogolera aja anafunsa mokweza ngati munthu wofuna kuweta nkhosa za Mulungu angalephere kuyendetsa mayi ake mpaka pa Chinamwali pomwepa.

Jekete lakuda linapambana. Anatenga makiyi.

5

Titalowa m'kachipinda ka sikani, apongozi anaima chilili. Munthu amene ankasochera pakati pa chipinda chake ndi chimbudzi anayang'ana katani yobiriwira, bedi lopapatiza, ndi kanema wamkulu pakona, n'kuyenda molunjika kukakhala pa mpando wa womuperekeza wodwala, wa kumutu kwa bedi. Anaika manja pamiyendo ngati mlendo wozolowera pakhomo.

Ndinawauza kuti akwere pabedi. Anakana, nati pabedipo ndi panga. A Stafford anati tingobwerera, Amayi atopa. Ine ndinati tafika kale, a Prosper awajambule ali pampando pomwepo.

A Prosper anafinya botolo. Mafuta ozizira atangokhudza mpala, apongozi anawamenya dzanja, botolo n'kugwa pansi.

"Iwe Prosper, wapenga? Zimenezi umapaka pamimba. Tsiku lija unapaka pamimba pa Farida, unati ndi wamwamuna. Lero ukupaka mutu wanga, muli mwana m'menemu?"



Ndinagwada pafupi nawo. Ndinawafunsa modekha, mawu anga akumveka ngati a munthu wina, kuti tsiku lija anabwera ndi yani. Anandiyankha ngati akulankhula ndi chitsiru. Anati anabwera ndi ine, ndi Stafford, ndipo Stafford anavina pomwe waimapo atamva kuti ndi mnyamata. Analoza pakona. Anati titatuluka tinagula chinangwa chokazinga pamsewu, ine n'kusanza.

Farida wa kwa amwenye, wa nthawi imene apongozi anali mtsikana, sakanagona pa bedi la a Prosper. Nthawi imeneyo a Prosper anali asanabadwe.

Ndinayang'ana amuna anga. Anatsegula pakamwa kuti anene kuti ndi matenda, ndipo ndikhulupirira ndikanamezanso limenelo. Koma a Prosper, katswiri wa mafunde, anali atawerama kutola botolo lawo, ndipo anakhala chiweramire osafuna kudzuka. Khosi lawo linali litanyowa thukuta. Munthu ameneyu ankandiyang'ana m'mimba n'kundiuza za nthawi ya Mulungu, atajambula kale mwana wa mwamuna wanga pa bedi lomwelo.

Apongozi anandikoka chitenje, nanong'ona mokweza mmene amachitira ogontha.

"Koma osamuuza wa ku Masongola uja. Ndi munthu wabwino, angalire."

6

Sindinalire. Ndinawapukuta mutu, ndinawamanga duku, tinakwera galimoto. Panjira ndinafunsa funso limodzi lokha, loti chifukwa chiyani anavutika chonchi ndi makina, pamene mayi awo akhala akudwala nthawi yonseyi iwo osagwira ngakhale sopo. Ndinkayembekeza kuti anama. Koma munthu akagwidwa amataya nzeru, ndipo anayankha maso ali pamsewu.

"Amayi ali bwinobwino sankalankhula."

Mwamva, owerenga. Sankafuna kuti mayi awo akumbukire tsiku, kapena njira, kapena dzina langa. Ankafuna kuti akumbukire kutseka pakamwa. Matenda anali atawaiwalitsa bodza, ndipo mwana wawo anasaka makina oti alibwezeretse.

Zotsalazo zinatuluka pamaso pa ankhoswe, pang'onopang'ono ngati minga ya m'phazi. Farida ndi mayi wogulitsa masitiroberi m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri. Inde, masitiroberi omwe aja, amene ndinkadya n'kumathokoza. Mwanayo anali atayamba kale sukulu ya mkaka. Chaka chimene apongozi anati akupita kukadwazika mchemwali wawo ku Phalombe, ine n'kuwapatsira shuga ndi sopo, anali m'chikuta kwa Farida, akusambitsa mdzukulu wawo ndi kudikira mchombo kuti ugwe. Alamu anga onse ankadziwa. Oimba foni Lamlungu aja anali atamugulira kale mwanayo malaya.

Nkhoswe ya kuchimuna inayesa kunena kuti mwamuna akafuna mwana sitingamuimbe mlandu. Malume anga anangowakumbutsa kuti nyumba ya ku Masongola ili pa malo amene anandisiyira mayi anga, ndipo kuti mkamwini akakhuta amatuluka ndi bulangeti lake. A Stafford anatuluka ndi bulangeti, masutikesi awiri ndi jekete lakuda lija, limene mpaka pano silinaonepo mpando wa kutsogolo m'tchalitchi. Amayi a Mvano anaonetsetsa zimenezo. Nkhani inafika ku Chinamwali ndi ku Matawale ine ndisanatsuke mbale za ankhoswe.

Chimene sanatenge ndi mayi awo. Anati kuphiri kumazizira, abwera kudzawatenga akakonza malo. Alongo awo anati nyumba zawo n'zazing'ono. Banja lonse limene linagwirizana kusunga chinsinsi linalephera kugwirizana za beseni limodzi.

7

Ndinakwera kuphiri Loweruka lina, sindikudziwa ngati kukamenya kapena kukaona. Farida ndinamupeza pa ngodya ina, mitengo ya paini ikudontha mame, timbale tofiira titandandalikidwa pa thabwa. Sanali chiphadzuwa chimene ndinkachiganizira. Anali mayi wowonda, wovala juzi lachimuna limene ndinalizindikira chifukwa ndinaligula ndine. Pambali pake kamnyamata kankakankha galimoto ya mawaya. Makutu ake sanafune umboni wina.

Anandidziwa ndisanadzitchule. Anayala chiguduli pa mwala kuti ndikhale. Anati a Stafford anamuuza kuti ine ndikudziwa zonse ndipo ndinavomereza, popeza ndinalephera kubereka. Anawonjezera kuti a Stafford masiku ano amagona ku Liwonde, ati kuli msika wa matabwa. Ndinamuyang'ana n'kumuuza kuti ayambe kusamala ndi nsomba zimene amubweretsere kuchokera kumeneko.

Ndinamufunsa ngati angatenge apongozi ake, popeza ndi dzina lake limene amaitana usana ndi usiku. Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe.

"Dzina langa? Mayi amenewo atakhala kwanga m'chikuta sananditchulepo bwino. Akafuna madzi, Benedicta. Akafuna mchere, Benedicta. Ndinkalira nazo, amayi."

Ndinatsika phiri wapansi. Dzina limene ndinalidikira nthawi yonseyi, mpaka kumeta nkhalamba mpala ndi kuigwira mutu pa makina a anthu apakati, linali litatchulidwa kale, m'nyumba yolakwika. Kaya matenda anali atayamba kale, kaya ndi mtima umene unkawatsutsa, palibe angandiuze. Mwini wake sangathenso.

8

Ndinawatengera apongozi kwa dokotala weniweni ndipo ndinaulula zonse zimene tinawachita. Dokotalayo anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Anati n'zoona kuti kunja akufufuza za mafunde amenewa, koma ndi makina ena, opangidwira ntchito imeneyo, ndipo ngakhale ofufuzawo sananene kuti apeza mankhwala. Sikani ya mimba, anatero, ntchito yake n'kuona, osati kuchiza, ndipo pa chigaza cha munthu wamkulu ngakhale kuonako siona bwino. Anandilangiza zimene ndinkachita kale: chakudya, ukhondo, kuleza mtima, ndi kutseka geti. A Prosper chikwangwani chawo chatsopano sanachikhome. Akandiona m'tauni amalowa m'sitolo iliyonse yapafupi, ngakhale ya zitsulo.

Inu amene mukuwerenga, mwina muli ndi wanu kunyumba amene wayamba kuiwala. Musamuponye miyala, si mfiti. Musamupereke kwa aliyense wobwera ndi makina ndi kanema wa pa foni. Koma koposa zonse, mukaona munthu amene sanagwirepo beseni wayamba mwadzidzidzi kuthamangira machiritso, mufunseni chimene akufuna kuti wodwalayo akumbukire. Ndipo musafulumire kunena kuti zonse zotuluka m'kamwa mwa nkhalamba yodwala ndi zamisala. M'nyumba mwanga munali anthu a mitu yabwino ambiri, koma woona anali mmodzi, yemwe tinkamupaka mafuta kuti achire.

Ena amanditcha chitsiru posunga mayi wa munthu amene anandinyoza, mayi amenenso ananyamula shuga wanga kupita naye kwa mkazi mnzanga. Mwina ndine chitsirudi, umboni mwauona. Sindinawakhululukire. Kungoti munthu woti ndimukwiyire uja kulibenso, anatsala ndi wofuna kusambitsidwa.

Tsitsi lawo lameranso, loyera ngati thonje. Akupotabe timikuzi tawo. Dzulo m'mawa ndikuwapukuta kumsana anandigwira dzanja monga mwa masiku onse n'kufunsa ngati mchombo wagwa.

Ndinawauza kuti unagwa kalekale, mwana akuyenda, ndipo wa ku Masongola uja anamva zonse.

Anandisiya dzanja. Kenako anandifunsa ngati analira.

Ndinati ayi, Amayi. Kwezani mkono.